Bere lina lakwera lina latsika, musafulumire kunena kuti dokotala walakwitsa

Maganizo anga pa nkhani ya opaleshoni yokulitsa mabere ndi akuti timaweruza msanga kwambiri. Munthu wangotha masabata awiri kapena atatu chimupangireni opaleshoni, wavula bra waima pagalasi, akuona bere lakumanja lili m'mwamba lolimba gwa, lakumanzere layamba kutsika ndi kufewa, nsonga zake sizili pa mzere umodzi, basi misozi mbwee, ndalama zanga zalowa m'madzi. Ndiye anzake m'malo momukhazika mtima pansi akuti eee asisi akuonongani, bwererani akakukonzeni. Akakonze chani pa sabata yachitatu abale?

Ngakhale anawapanga dokotala mmodzi tsiku limodzi, bere lililonse lili ndi bala lakelake ndipo kutupa sikuphwa mofanana. Ngati implant (kathumba kamene amaika mkati kuti bere likule) anaiika pansi pa mnofu wa pachifuwa ndiye ndi nkhani inanso, mnofuwo umakungika nkumaikankhira m'mwamba mpaka utazolowera, ukamasuka m'pamene implant imatsika nkukhazikika ndipo kunsi kwa bere kumadzadza bwino. Madokotala ambiri amati mbali ya dzanja lomwe mumagwiritsa ntchito kwambiri ndi imene imakonda kuchedwa poti mnofu wa kumeneko ndi wamphamvu. Maonekedwe enieni amabwera pakatha miyezi 3 mpaka 6, zipsera zokha zimatha chaka kapena kupitirira zisanazilale.

Chinanso, azimayi ambirife mabere athu ndi osafanana chibadwire, kungoti sitinkawayang'anitsitsa katatu patsiku ngati mmene munthu amachitira akachoka ku opaleshoni. Wina nthiti zake mbali imodzi ndi zotukuka, wina nsonga ina ili m'munsi pang'ono, ndiye implant ikalowa kusiyana komwe kunalipo kale kumaonekera kwambiri. Funsani zithunzi zomwe anakujambulani musanalowe ku fiyeta muone nokha. Apa ineyo ndimadandaula ndi madokotala amene safotokoza zimenezi poyamba, amangokuonetsa zithunzi zokongola za pa Instagram za anthu oti anachira kalekale, palibe amene amakuonetsa za sabata yachiwiri.

Komatu sindili mbali ya aja amangoti "dikirani zikhala bwino" pa chilichonse ayi. Kusiyana kumene kukusintha pang'onopang'ono ndi kwina, kobwera mwadzidzidzi ndi kwinanso. Bere limodzi likatupa m'maola ochepa chabe nkukula kuposa linzake, kulimba, ululu kumangoonjezekera, khungu kuda ngati mwamenyedwa, amenewo akhoza kukhala magazi akutayikira mkati, kuchipatala amati hematoma, ndipo kawirikawiri zimachitika masiku oyambirira. Zimenezo si zodikira kuche, imbirani dokotala wanu pompo kaya ndi pakati pa usiku. Chimodzimodzi bere likafiira nkumatentha, bala likamatuluka mafinya, thupi likamatentha kapena kuzizidwa, pitani akakuoneni tsiku lomwelo. Ndipo miyezi ikamapita bere limodzi m'malo mofewa likulimbiralimbira ndi kukwera, kanenenso, nthawi zina kachipsera kamene thupi limapanga kuzungulira implant kamakungika nkuifinya.

Zikakhala kuti zizindikiro zimenezi palibe, valani bra imene anakupatsani ija ngakhale ndi yonyasa, gonani chagada, zolemera zisiyeni kaye masabata 4 mpaka 6 kapena mmene dokotala wanenera, ndipo musayambe kusisita kapena kukankha bere lokweralo chifukwa choti mnzanu anatero, ma implant ndi osiyana, ena safunika kusisita nkomwe. Dzijambuleni kamodzi pa sabata pamalo amodzimodzi, mupite nazo zithunzizo tsiku la cheki. Za opaleshoni yokonza, madokotala ambiri sayamba nkomwe kukamba miyezi 6 isanakwane chifukwa akhoza kudula pamalo poti pakanakhazikika pokha.