Chingerezi cha ku Chipata chili pakamwa, chathu chili m'kope

Anthu a ku Mchinji tivomereze, pa nkhani yochulukitsa mawu a Chingerezi anzathu a ku Chipata anatisiya kutali. Ndikunena za anthu apakatikati, amene Chingerezi amachimva bwinobwino koma mawu amawathera pakati pa chiganizo.

Sabata yatha ndinaoloka malire pa Mwami kupita ku Chipata ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana amene anakhoza bwino Chingerezi pa MSCE. Tili mushopu ya zipangizo za sola, mwini wake anamufunsa m'Chingerezi ngati tikufuna batire ya warranty, komanso ngati tilipiriretu zonse kapena tisiye deposit. Mwana uja anangoti kakasi, maso pansi. Anatithandiza ndi kamnyamata konyamula katundu, kamene sukulu kanalekezera Grade 9. Mtima unandiwawa, chifukwa mawu amenewo mwana wathu amawadziwa.

Vuto ndi ifeyo. Kuno mwana akayesa mawu atsopano n'kuphonya katchulidwe, kalasi yonse imafa ndi phwete. Akayankhula Chingerezi pamsika timati wayamba matama. Ndiye amangoloweza mawu usiku n'kukawakhuthula pa mayeso a MANEB, podziwa kuti wolephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona. Mayeso akatha, kope lija amayatsira mbaula.

Ku Zambia boma limavomereza zilankhulo 7 za m'zigawo, monga Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi. Mlozi akatumizidwa kudzagwira ntchito kwa Mpezeni, Chingerezi ndiye pothawira pake, ndipo onse omuzungulira amakakamizika kuchitulutsa, chothyokathyoka chomwecho. Palibe amaseka. Mawu amene wagulira nawo katundu lero, mawa suwaiwala. Tsegulani wailesi ya ku Chipata ya Breeze FM mumve mmene amadumphira kuchoka ku Chinyanja kupita ku Chingerezi opanda mantha.

Pena ndiwatsutse. Chinyanja chawo cha m'tauni chadzaza Chingerezi moti agogo a kwa Mkanda sangatolepo kanthu, ndipo pa kalata yofunsira ntchito ndingaike ndalama pa mwana wa kuno. Galamala timaitha ife.

Koma galamala yopanda mawu otuluka pakamwa imuthandiza chiyani mwana pamaso pa bwana? Aphunzitsi athu, mwana akatola mawu asanu mu The Nation, awayankhule tsiku lomwelo, ndipo womuseka ndiye alandire chibalo. Kuchokera paboma pano Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe, kwerani galimoto Loweruka mukadzimvere nokha.