Sukulu za ku Dowa sizinayambe mu 1994

A mtolankhani, mwalemba kuti maphunziro a kumidzi ku Dowa anayamba kwenikweni ndi sukulu zaulere za 1994. Pamenepo mwadumpha zaka zoposa 100. Amishoni a Dutch Reformed Church, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anakhazikika ku Mvera, m'dera la mfumu Chiwere, mu 1889. Kenaka anatsegulanso mishoni ku Kongwe, kumene lero kuli sekondale ya Robert Blake. Kuchokera m'malo amenewa aphunzitsi, ana a m'midzi yomweyo, ankatumizidwa kukatsegula timasukulu tofolera udzu, ndipo n'kumene agogo athu anaphunzira kuwerenga Baibulo ndi kulembera makalata abale awo amene anali ku Halale ndi ku Joni.

Chimene 1994 inabweretsa ndi unyinji. M'dziko lonse ana a pulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni, boma n'kulemba ntchito aphunzitsi ambirimbiri amene anali asanapite kukoleji. Zipinda zokha ndiye sizinachuluke. Kwathu makolo tinaumba njerwa, tinawotcha, koma uvuni wamera udzu podikira simenti ndi malata, ana a Sitandade 1 akuphunzirabe pansi pa mtengo. Mvula ikangoyamba, amaweruka.

Simunatchulenso Dzaleka, msasa wa othawa kwawo umene unatsegulidwa chaka chomwecho m'boma lomweli, ndipo nakonso ana akuthinana m'makalasi. Inu a ku Mponela ndi Madisi, kwanu nyumba za aphunzitsi zilipo zingati pa sukulu?