Chenjezo kwa inu amene mwayamba kulemba pa Wikipedia

Ana anga, ndikudzudzulani pagulu chifukwa zimene mukuchitazi mukuchitiranso pagulu. N'zokondweretsa kuti achinyamata mwayamba kulemba pa Wikipedia, nkhokwe ya chidziwitso ya pa intaneti imene aliyense angalembemo, ena m'Chingerezi, ena m'Chichewa chathuchi chomwe nkhani zake zikadali zochepa kwambiri. Koma ena a inu mwalowa ndi phuma, osayamba mwafunsa mmene ntchitoyi imayendera. Safunsatu anadya phula.

Taonani zimene zikuchitika. Wina watsegula tsamba la phungu wa kwawo, wadzaza mayamiko okhaokha, ati ndi mpulumutsi wa dera, wokondedwa ndi aliyense. M'mawa mwake wa chipani china wafika, wafufuta zonse, walemba kuti ndi mbava yotheratu. Madzulo woyamba uja wabwezeretsa zake. Nonse awiri mwalakwa, ndipo kulakwa kwanu n'kofanana. Wikipedia si msonkhano wa chipani. Kuyambira 2001 pamene Jimmy Wales ndi Larry Sanger anaiyambitsa, lamulo lake lalikulu ndi lakuti wolemba asakondere mbali. Amalemba zimene munthuyo anachita, liti, kuti, ndiponso amene ananena, kenako amasiya wowerenga aweruze yekha.

Ndikudziwa pamene pamakuvutani: nkhani za kwathu kuno zimatikhudza mtima. Tengani Kamuzu Banda. Alipo amene akamva dzinali amaona likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 ndi sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama. Alipo ena amene amakumbukira abale awo atatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, ndiponso imfa ya Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga ku Mwanza mu 1983. Tsamba labwino limanena zonsezi. Limanena kuti boma la nthawiyo linati inali ngozi ya galimoto, kuti bungwe lofufuza la mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa, kuti Kamuzu anazengedwa mlandu, ndi kuti khoti linamumasula mu 1995. Ukachotsapo chimodzi chifukwa chikukuwawa, wanamiza mwana amene adzawerenge. Ngakhale chaka chake chobadwa chili ndi mbali ziwiri: boma lake linkati 1906, pamene ofufuza mbiri ambiri amati cha m'ma 1898. Lembani zonse ziwiri, ndipo munene mwini wa chilichonse. Chimodzimodzi mkangano wa malire a pa nyanja: fotokozani kuti Malawi imatsamira pa pangano la Britain ndi Germany la mu 1890, koma zimene Tanzania imanena muzilembenso mwaulemu, ngakhale mtima wanu uli kwathu kuno.

Tsono za umboni, apa ndiye mwandikhumudwitsa kwambiri. "Ndinamva pa WhatsApp" si umboni. Zolemba za mnzanu pa Facebook si umboni. Mukalemba chiwerengero cha anthu a boma lanu, mwachitenga kuti? Kalembera wa mu 2018 alipo, anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo ofesi ya National Statistical Office ku Zomba inasindikiza ziwerengero za boma lililonse. Mukalemba za John Chilembwe ndi kuukira kwa mu Januwale 1915, mabuku alipo, National Archives ili konko ku Zomba, magazini ya Society of Malawi ilipo. Za masiku ano, The Nation ndi The Daily Times zilipo. Tchulani mutu wa nkhani, wolemba, tsiku, ngakhale tsamba la buku. Ndipo muwerengedi, osati kungomata dzina la buku lomwe simunalitsegule kuti tikuoneni ngati ophunzira. Limenelo ndi bodza loposa kusaika umboni n'komwe.

Mwina mukuti ndi zazing'ono. Mu 2005 munthu wina ku America analemba pa Wikipedia kuti mtolankhani John Seigenthaler ankaganiziridwa kuti anatengapo mbali pa kuphedwa kwa pulezidenti wa dzikolo John Kennedy ndi mng'ono wake Robert Kennedy. Linali bodza lamkunkhuniza, koma linakhalapo pafupifupi miyezi inayi, mawebusaiti ena n'kulikoperanso. Mlandu umenewo unachititsa kuti malamulo olemba za anthu amoyo akhwime. Munthu amene mukumunenayo ali ndi ana, ali ndi ntchito, ali ndi mpingo wake. Chimene mulibe nacho umboni musamulembere, ngakhale mudzi wonse ukunong'onezana. Musaiwalenso kuti chilichonse chimene mwasintha chimasungidwa m'mbiri ya tsambalo, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yake.

Ena mumandifunsa za nkhani zimene agogo anakusimbirani, za mafumu a kwanu ndi mmene mudzi unayambira. Funso limeneli ndimalilemekeza, chifukwa mbiri yathu yambiri ili m'kamwa mwa okalamba, ndipo akutha. Komabe Wikipedia silandira kafukufuku wa iwe mwini. Ajambuleni agogowo mawu akadali moyo, lembani, perekani kwa atolankhani kapena kwa aphunzitsi a mbiri a m'mayunivesite athu. Zikasindikizidwa, pamenepo mudzazitchula ngati umboni.

Za kukopera nkhani ya Chingerezi n'kuiponya m'makina omasulira, kenako n'kuimata osaiwerenga, lekani. Chichewa chotulukamo ngakhale mayi anu sangachimve.

Mnzanu akasintha zimene mwalemba, musathamangire kubwezera. Tsamba lililonse lili ndi malo okambirana. Pitani kumeneko, funsani chifukwa chake, onetsani buku lanu, iyenso aonetse lake. Pa Wikipedia ya Chingerezi, wobweza zosintha za anzake koposa katatu pa tsamba limodzi m'maola 24 akhoza kutsekeredwa. Inu amene munayamba kale, atsopanowa musawathamangitse ndi mawu okhadzula, agwireni dzanja muwaonetse poika umboni. Ndipo inu atsopano, musanatsegule tsamba lina, bwererani ku masamba amene munalemba kale, muwerenge chiganizo ndi chiganizo. Chimene simungathe kuloza kumene munachitenga, chifufuteni nokha.