Maola 11 aja sanawerengere ulendo wathu wa kuno kuchigwa

Alembi mwanena zoona kuti kuchoka pa eyapoti ya OR Tambo ku Joni kukatera ku Heathrow, London, ndi makilomita pafupifupi 9,000 ndipo ndege imatenga maola 11, koma ife a kuno ku Nsanje ulendo suyambira pamenepo ayi. Achimwene anga popita ku London chaka chatha tinadzuka mbandakucha, minibasi kuima pa Bangula, kuimanso pa Nchalo kudikira idzaze, kuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge kenako kukwera zitunda za Thabwa pang'onopang'ono mpaka Blantyre, theka la tsiku linathera pamsewu ndege tisanaione nkomwe. Pomwe kuchoka pa Chileka kufika Joni ndi maola awiri ndi mphindi zochepa basi, mtunda womwewo pa basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge anthu amagona m'njira.

Chomwe ndikupempha muwonjezerepo ndi nthawi yodikira pa eyapoti posintha ndege, achimwenewo anakhala pampando maola ambiri asanakwere ndege yausiku yopita ku London. Komanso za wotchi, ife ndi Joni nthawi ndi imodzi koma London imatsalira ndi maola awiri, nyengo yawo yotentha ola limodzi, mayi anasowa tulo kudikira foni poganiza kuti mwana wawo watera kale.