Kumpoto kwa dziko si chipale chokhachokha

Abale anga, zimandiwawa anthu akamakamba za Canada, Siberia kapena Lapland ngati bwalo limodzi loyera mbee, lopanda chamoyo. Kumeneko nyama zimasintha malinga ndi zomera, ndipo zimasintha kwambiri.

Yambirani m'nkhalango yaikulu ya mitengo ya mtundu wa paini yomwe amaitcha taiga. Muli zimbalangondo, mimbulu, chinyama chachikulu cha nyanga zotambalala chotchedwa moose, ndi mphaka wam'tchire wotchedwa lynx. Ku Canada moyo wa mphaka ameneyu uli pa kalulu mmodzi yekha, uja amayera m'nyengo yozizira. Akalulu amachuluka n'kutha, kuchuluka n'kutha, pafupifupi zaka 10 zilizonse, ndipo amphaka amatsatira momwemo. Izi zinaonekera m'mabuku a malonda a zikopa a kampani ya Hudson's Bay.

Mukapitirira kumpoto mitengo imafupika, kenako imatheratu. Apa ndiye pa tundra, pomwe nthaka ya pansi siisungunuka chaka chonse ndipo zomera zake ndi ndere, udzu ndi tizitsamba tofika m'maondo. Mitundu ya nyama ndi yowerengeka pa zala. Ku zilumba za Svalbard, mukachotsa chimbalangondo choyera chomwe chimadya za m'nyanja, nyama zoyamwitsa za pamtunda zomwe ndi mbadwa za kumeneko ndi ziwiri basi: gwape wotchedwa reindeer ndi nkhandwe yoyera. Njoka ndi abuluzi ndiye amathera kutali. Njoka ya mtundu wa mphiri ndi buluzi zomwe zimafika kumpoto kwa Scandinavia siziikira mazira, zimabereka ana amoyo, poti nthaka yozizira chotero singafungatire dzira. Ku Alaska kuli chule yemwe amauma gwa ngati mwala, mtima n'kuima, kenako n'kudzuka kukafunda. Ine chule ameneyu amandigometsa.

Chomwe ndikufuna timvetse n'chakuti malo a mitundu yochepa chonchi alibe pogwira pena. Pa tundra zambiri zimatsamira kambewa kotchedwa lemming, komwe kamaswana mochuluka pa zaka 3 mpaka 5 zilizonse. Chaka chomwe mbewazi zasowa, akadzidzi oyera ambiri saswa n'komwe, ndipo nkhandwe yoyera imalera ana ochepa kapena osalera konse. Kambewa kamodzi kakavutika, gulu lonse limagona ndi njala.

Tsono kukutentha. Tchire likukwera kulowa m'tundra, ndipo nkhandwe yofiira ya m'nkhalango, yomwe ndi yaikulu thupi, ikulanda mauna a nkhandwe yoyera. Dziko la Sweden linaletsa kupha nkhandwe yoyera mu 1928, Norway mu 1930, koma mpaka lero sinabwerere mwakale. Nyama ya m'nkhalango ili ndi kosamukira. Nanga ya m'tundra ipite kuti, pomwe kutsogolo kwake kuli nyanja?

Ndipo si nyama zokha zomwe zikuvutika. Mu November 2013 ku Yamal, m'dziko la Russia, kunagwa mvula pamwamba pa chipale, madzi n'kuundana, n'kutsekera ndere pansi pa ayezi wolimba. Agwape pafupifupi 61,000 anafa ndi njala, chakudya chili pansi pa ziboda zawo. Abusa a mtundu wa Nenets amadalira ziwetozo pa ndiwo, zovala ndi maulendo, ndipo mabanja ena anatsala opanda ngakhale zokoka katundu wawo.