Bodza loti mafilimu a anthu akuda alibe msika

Kwa zaka zambiri, akuluakulu a makampani a mafilimu ku Hollywood akhala akunena kuti filimu yomwe wosewera wake wamkulu ndi munthu wakuda siyenda malonda kunja kwa America. Maganizo anga ndi oti mawu amenewa ndi chodzikanira chabe cha anthu omwe safuna kumasula chikwama.

Mu 2018, filimu ya Black Panther ya Ryan Coogler inapanga ndalama zoposa 1.3 biliyoni ya madola, ndipo pafupifupi theka la ndalamazo linachokera kumayiko ena. Anthu a ku Wakanda, dziko longopeka la mufilimuyi, ankalankhula Chixhosa, ndipo pakati pa akuluakulu a bwalo la mfumu panali malemu Connie Chiume wa ku South Africa, yemwe bambo ake anali Mmalawi. Chaka cha 2017, Get Out ya Jordan Peele inapangidwa ndi madola 4.5 miliyoni okha, koma inabweza oposa 250 miliyoni. Wamalonda aliyense akapeza phindu lotere amaoda katundu yemweyo mawa lake m'mamawa.

Koma ku Hollywood sizikhala choncho. Filimu ya anthu akuda ikachita bwino amati yangochita mwayi, ikalephera amati khungu ndi lomwe lalepheretsa, pomwe filimu ya azungu ikagwa palibe amene amanena kuti azungu sagulika. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi zomwe zinachitikira wosewera wakuda John Boyega mu 2015. Pa chithunzi chotsatsira Star Wars: The Force Awakens ku China, iye anamuchepetsa n'kumukankhira m'munsi, ngakhale anali mmodzi mwa atsogoleri a nkhaniyo. Munthu ukamubisa pa chithunzi chotsatsira malonda, ungabwerenso n'kumanena kuti anthu sakumufuna?

Nkhani ya mphoto nayonso ndi yomweyo. Halle Berry anapata Oscar, mphoto yapamwamba ya mafilimu ku America, ya wosewera wamkulu wamkazi mu 2002, ndipo kwa zaka zoposa 20 zotsatira panalibe mkazi wina wakuda yemwe anaipatanso. Mu 2015 ndi 2016, onse 20 omwe ankapikisana pa mphoto za Oscar za osewera anali azungu. Mphotozi si zokongoletsa m'nyumba ayi, chifukwa ndi zomwe zimakweza malipiro a wosewera ndi kumutsegulira ntchito yotsatira.

Vuto lenileni lili kwa omwe amavomereza kuti filimu ipangidwe, omwe amaika bajeti yake komanso omwe amasankha mayiko komwe ikaonetsedwe, ndipo m'mipando imeneyi anthu akuda ndi owerengeka. N'chifukwa chake ndinachita chidwi ndi mgwirizano wa Coogler pa filimu ya Sinners ya 2025, woti pakatha zaka 25 filimuyo idzakhala yake. Inapanga madola oposa 300 miliyoni, komabe itangotuluka atolankhani ena anathamangira kufunsa ngati idzabweze ndalama zomwe anaikamo.