Siwichi imodzi ikafa, chofunika kuteteza ndi bolodi

Anthu ambiri amene adadzilumikizira okha kiyibodi ya mechanical, ija imene batani lililonse lili ndi siwichi yakeyake pansi pake, batani limodzi likangoyamba kuvuta, amathamangira kuzula siwichi asanatsimikize ngati vutolo lilidi m'siwichimo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene makiyibodi abwino ambiri amawonongekera. Siwichi ndi kachipangizo kotsika mtengo kwambiri pa kiyibodi yonse, ndipo imagulitsidwa m'mapaketi, pamene bolodi ya magetsi, yomwe amaitcha PCB, ndi yovuta kuipeza, makamaka ngati kiyibodiyo idapangidwa yowerengeka pa oda ya gulu ndipo opanga ake adasiya kale kuitulutsa. Pokonza, manja ndi maso zikhale pa bolodi, chifukwa siwichi ikafa ina ilipo.

Masiwichi ambiri amene tikugwiritsa ntchito lero ndi a mtundu wa MX, umene kampani ya Cherry ya ku Germany idayamba kupanga m'zaka za m'ma 1980, ndipo makampani a ku China monga Gateron ndi Kailh amapanga awo potsatira muyeso womwewo. M'kati mwake mulibe zambiri: muli kamtengo kapulasitiki komwe kamatsika mukadina, sipulingi yokabwezera m'mwamba, ndi timalata tiwiri tachitsulo timene timakhudzana kuti magetsi adutse. Batani limatsika mamilimita 4, koma timalatato timagundana likafika pa mamilimita 2. A Cherry kwa zaka zambiri ankanena kuti siwichi yawo imapirira kudinidwa ka 50 miliyoni. Choncho siwichi ikayamba kuvuta chaka chisanathe, kawirikawiri sikuti yatha ndi ntchito ayi. Mwina mwalowa fumbi, mwina mudadonthera tiyi wa shuga, mwina mwini wake adachulutsa mafuta ofewetsera siwichi otchedwa Krytox mpaka adafika pa timalata, kapenanso mwendo wake udapindika tsiku lomwe ankaiika.

Vuto limene limasowetsa mtendere kwambiri ndi lija loti mukadina kamodzi chilembo chimatuluka kawiri, mwalemba "madzi" koma pagalasi pakuoneka "maddzi". Timalata tikagundana timayamba tanjenjemera kaye tisanakhazikike, ndipo pulogalamu ya QMK, yomwe imayendetsa makiyibodi ambiri otere, imadikira mamilisekondi 5 kuti kunjenjemerako kuthe. Timalata tikada kapena tikafooka, kunjenjemera kumapitirira nthawi imeneyi. Ena amalangiza kuti mungowonjezera nthawi yodikirayo, ndipo n'zoona kuti zimathandiza kwa kanthawi, koma ine sindigwirizana nazo, chifukwa mukuchedwetsa mabatani onse pofuna kubisa vuto la limodzi.

Musanazule chilichonse, yesani bolodi. Tsegulani kiyibodi, iikeni pa kompyuta, tsegulani malo oyesera mabatani mu VIA, pulogalamu ya pa kompyuta yosinthira ntchito za mabatani, kenako tengani kachopanira kachitsulo mukhudze nako malo awiri aja pamene miyendo ya siwichi imatulukira kumbuyo kwa bolodi. Chilembo chikatuluka, bolodi ili bwino ndipo wolakwa ndi siwichi. Chikapanda kutuluka, kusintha siwichi sikungathandize, ndipo muyang'ane kadayodi kali pambali pake, komwe ndi kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kapena kanjira kamkuwa komwe kadaduka. Mzere wonse wa mabatani ukafa nthawi imodzi, masiwichi alibe mlandu, popeza mabatani amalumikizidwa m'mizere yopingasa ndi yoimirira, ndipo kuduka kwa pamalo amodzi kumatha kupha onse a mumzerewo. Kuyesa kumeneku sikutenga ngakhale mphindi ziwiri.

Amene ali ndi bolodi ya hot-swap, yomwe siwichi imangozulidwa ndi kulowetsedwa popanda kuwotcherera, amadziona ngati ali pabwino, ndipo alidi pabwino, koma ndi iwowa amene amathyola mabolodi mosasamala. Miyendo iwiri yachitsulo ya siwichi ndi yopyapyala kwambiri. Mukailowetsa mopendekera, umodzi umapindikira pansi pa siwichi m'malo molowa m'bowo, siwichi n'kumveka kuti yakhala bwinobwino koma osagwira ntchito. Mukaizula mudzaona mwendowo utagona ngati udzu wopondedwa, ndipo kuuwongola ndi kachopanira n'kokwanira. Choopsa ndi pamene mwendo wagunda m'mbali mwa soketi, kachipangizo kolandira miyendo ya siwichi, ndipo munthu akukankhabe ndi mphamvu. Masoketi a Kailh amagwiridwa ndi timadontho tiwiri ta mtovu wowotcherera (solder) kumbuyo kwa bolodi, ndipo mukakankha kwambiri soketi imasomphoka pamodzi ndi mkuwa wa pabolodipo. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti bolodi itulutsidwe m'chikombole chake, chala chimodzi chichirikize soketi kumbuyo pamene chinacho chikulowetsa siwichi, ndipo ikakana kulowa, muitulutse muione m'malo moikakamiza. Ngati siwichi yatsopano ili ndi miyendo isanu pamene bolodi ili ndi mabowo atatu, dulani timiyendo tiwiri tapulasitiki ta m'mbali, chifukwa ntchito yake ndi kungolimbitsa siwichi ndipo magetsi sadutsamo.

Pa bolodi yowotcherera ntchito imafuna kudekha kwenikweni. Mtovu wakale suyamwika bwino, ndiye muyambe mwawonjezera mtovu watsopano pang'ono pa mwendo uliwonse kuti wonse usungunukire limodzi, kenako muyamwe ndi kapampu koyamwira mtovu. Mtovu wosakaniza wa 63/37, womwe ndi magawo 63 a chitsulo cha tin ndi 37 a chitsulo cha lead, umasungunuka pa madigiri 183 a Celsius, pamene wopanda lead, umene mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito, umafuna madigiri pafupifupi 217, ndipo chowotcherera chikakhala pa madigiri 330 mpaka 350 chimakwanira zonsezi. Kutentha kochepa kumapangitsa munthu kukhalitsa pamalo amodzi, ndipo kukhalitsako ndi kumene kumamatula mkuwa pabolodi. Mukayamwa, gwedezani mwendo ndi kachopanira. Ngati ukuyenda momasuka m'bowo, siwichi ituluka yokha mukafinya timano take tiwiri togwira pa mbale yamabowo imene masiwichi amakhalamo pamwamba pa bolodi. Ngati wagwirabe, bwerezani kuyambira pa kuthira mtovu watsopano, osakoka. Mkuwa ukamatuka, bolodi imatha kupulumuka polumikiza kawaya kuchokera pa mwendo wa siwichi kupita pa dayodi kapena pa siwichi yoyandikana nayo mumzere, koma imeneyi ndi ntchito imene ikanapeweka.

Amene alibe zipangizo asachite manyazi kupita kwa akatswiri okonza mafoni, omwe ali ambiri m'misika ya ku Lilongwe ndi ku Limbe, ndipo manja awo adazolowera tinthu tating'ono kuposa miyendo ya siwichi. Chofunika n'kuwapempha mwaulemu kuti asagwiritse ntchito makina ouzira mpweya wotentha, omwe iwo adawazolowera pa mafoni, chifukwa mpweyawo umasungunula pulasitiki ya masiwichi oyandikana nawo.

Pa funso loti siwichi yowonongeka ikonzedwe kapena isinthidwe, ine ndili kumbali yosintha. Ngati vuto ndi fumbi kapena mafuta, kuitsegula ndi kupukuta timalata ndi mankhwala otsukira otchedwa isopropyl alcohol n'koyenera kuyesa, ndipo nthawi zambiri imachira. Koma timalata tikapindika, kutiwongola ndi manja sikubwezeretsa kamvekedwe kake koyamba, ndipo chala chimene chimalemba tsiku lonse chimazindikira msanga kuti batani limodzi lasiyana ndi anzake. Kulimbana nayo kumamveka pokhapokha ikakhala siwichi yosowa, monga ma Cherry MX Black akale ochotsedwa m'makiyibodi a zaka za m'ma 1980, omwe anthu amawafunafuna chifukwa cha kusalala kwake.

Kwathu kuno katundu woitanitsa kunja amatenga masabata kuti afike, choncho poitanitsa masiwichi n'kwanzeru kuwonjezerapo angapo apadera a mtundu womwewo. Amene adagula okwanira ndendende angathe kuzula siwichi ya batani limene saligwiritsa ntchito, monga Scroll Lock kapena Pause, n'kuiika pamalo pa yakufayo. Siwichi imeneyo idachokera m'paketi imodzi ndi inzake ndipo idapakidwa mafuta omwewo, motero imamveka mofanana ndi yoyandikana nayo kuposa yatsopano imene ingadzafike mwezi wamawa.